Mbuzi Yanga, Sitima ndi a Amosi

Okondedwa achimwene a Jonas,

Moni wochokera kuno kwa Kapichi. Muli bwanji ndi alamu ku Balakako? Mwendo uja unasiya kutupa? Ife tili bwino, tiyi waphukira moti dengu likumadzadza msana usanatope.

Nkhani ndi yakuti sitima yabwerera! Inde, pa siteshoni pomwe paja agogo ankakwezera mabokosi a tiyi, pamene inu munkathawira sukulu kukagulitsa nzimbe m'mazenera. Apentapo, aikapo mabenchi, ndipo ana a ku koleji akumatsikira pompo n'kumandigula nthochi.

Koma mukudziwa, chisiyireni sitima kuyenda, njanji tinaisandutsa yathu. Ena kuyanikapo makaka, ine kumangirirapo mbuzi. Tsiku limene inatulukira, italiza huta, tonse tinkati ndi ya ku fakitale yoitana antchito. Tinangoona chimutu chikukhota pa bulugamu paja. Mayo ine, mbuzi yanga yabere ili phee pakati pa njanji, ikubzikula!

Amene anathamanga ndi chikwanje n'kudula chingwe ndi a Amosi, aja ankakupiza mbendera pa siteshoni kalelo, amene akazi awo anatisiya. Munthu wamkulu liwiro limene lija, nsapato ina inatsala m'miyala.

Kuyambira pamenepo akumabwera kwathu, ati kudzazonda mbuzi. Mbuzi inaswa, akubwerabe. Ana ake ayamba kudya udzu, akubwerabe. Lamulungu lapitali ndinawafunsa kuti kodi mbuziyo ikudwala chiyani. Anakanda m'mutu, n'kunena kuti iwo akungofuna kudziwa kumene kumakhala mwinimbumba.

Achimwene, musaseke. Ndikudziwa imvi zayamba, ndipo mwina mudzati ndikalere adzukulu basi. Koma chimwalirireni amuna anga, bambo a Tamanda, nyumba ino inazizira, ndipo a Amosiwa ndawakonda, sindikubisirani. Avomera kudzakhala pakhomo pano monga mwa mwambo wathu. Koma popanda mawu anu, inu ankhoswe anga, sangalowe m'nyumba. Malire awo ndi pakhola.

Ndiye kwerani sitima yomweyi mubwere. Ndidzakuchingamirani ndi mbale ya kalongonda wanu uja, ndipo wovala jekete yothina ataima patali pang'ono adzakhala iwowo.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse, Chauta akusungeni. Chonde musachedwe, achimwene. Munthu wamkulu watopa kucheza ndi mbuzi, inenso ndatopa kumusuzumira pazenera.

Ine mlongo wanu,
Esnat