Msomali wa Chithunzi Chanu

Amayi, kodi kumene mulikoko zikuyenda bwanji? Ife kuno ku Katawa tilipo. Mpongozi wanu NyaPhiri anabereka mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Chimanga cha kumunda wa ku Msongwe chachita bwino chomene, koma nyemba zinavunda ndi mvula.

Pali nkhani imene ndakhala ndikuopa kukuuzani. Chithunzi chanu chija cha duku loyera ndinachikoloweka m'tiyirumu ya achimwene a Yotamu, kuti anthu amene munkawathirira tiyi azikuonanibe. Msomali ndinaukhoma m'mwamba pothawa utsi. Sindinazindikire kuti mwapitirira chithunzi cha a Pulezidenti, chimene sichilola chinthu china pamwamba pake. Achinyamata a chipani atabwera kudzaona makadi a umembala, anakweza maso. Tsiku lomwelo apolisi anawatenga achimwene, popeza laisensi ili m'dzina lawo.

Masabata atatu ndinayenda m'maofesi. Uyu akuti dikirani kalaliki, kalaliki akuti pepala lilibe chidindo, wachidindo wapita kumsonkhano. Mawu awo ndinkawalemba m'masamba otsala a kope langa la kupulayimale, kuopa kulakwitsa. Belo ndi kutuluka podikira mlandu. Woimira boma ndi amene amaneneza. Mboni ndi amene anaona. Achimwene anawakaniza belo, ndipo mboni ndinali ine.

Achimwene ananditumizira uthenga woti ndisadziulule, mlandu adzausenza okha. Koma ndinakumbukira mmene munkandinenera ndikabisala kumbuyo kwanu alendo akabwera: "Iwe Tiwonge, mawu akowo ukuwasungira ndani?"

M'khoti ndinagwira Baibulo ndi kulumbira. A majisitireti anandiuza kawiri kuti ndikweze mawu. Ndinati, "Bwana, msomali ndinakhoma ndine. Pachithunzipo ndi amayi anga, anatisiya m'chilimwe. Ndimathawa utsi basi." Iwo analemba nthawi yaitali. Kenaka anatichenjeza mwamphamvu, nati achimwene azipita kwawo. Ine ndinaiwala kuti ndili m'khoti, ndinangogwada ndi kuthokoza m'Chitumbuka kuti yewo.

Achimwene anaonda, ndipo makasitomala ena akuopabe kulowa. Inu ndakusamutsirani kuchipinda kwanga, pamwamba pa zenera. Kumeneko kulibe woyeza khoma. Musandikwiyire, Amayi. Ndikulonjeza kuti khandali likayamba kuzindikira nkhope, ndidzalinyamula m'mwamba kuti likuoneni.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tiwonge