Kapegi ka a Lucius

Lamlungu, 10 Novembala

Chaka cha 1998, tsiku langa loyamba kugwira unyolo woyezera pa mpira wa chiamerika, pa bwalo la koleji yathu. Mvula yowaza, matope mpaka m'masokosi. A Lucius Pettway, tsitsi lawo lidakali lakuda bii, anandigwiritsa ndodo ya kumbuyo kwa unyolowo n'kuti: "Aphunzitsi, pano si m'kalasi. Anyamatawa ali ndi mipata inayi yoti apititse mpira mayadi khumi. Akakwanitsa, apatsidwa ina inayi. Unyolowu ndiye mayadi khumiwo. Inu gwirani ndodo, imani njoo, pakamwa mutseke." Kenaka anatulutsa kapegi kachikasu n'kukapana pa unyolo, pomwe umadutsa mzere woyera. Akuti woyimbira akafuna kukayeza pakati pa bwalo, amagwira pa kapegipo n'kukakakhazika pa mzere womwewo. Popanda iko, n'kulota chabe.

Zaka 26 ndakhala ndikutseka pakamwa. Dzulo ndinatsekanso. Lero chakudya chandikanika.

Ndilembe ndisanayambe kudzinamiza. Kwatsala mphindi imodzi, tatsalira ndi mapointi atatu, mpata wachinayi, womaliza. Mnyamata wathu wagwa ndi mpira pa mulu wa anthu. Woyimbira wamkulu akodola kuti unyolo ubwere udzayeze. A Dwight Mabry, woyimbira wa mbali ya bwalo yomwe ife timaima, augwira, tithamanga, ine pambuyo pawo ndi ndodo yanga. Ndinaona ndi maso angawa. Kapegi kanakodwa m'lamba wa wotchi yawo, kanathothoka, kanagwera mu udzu, iwo n'kukaponda. Sanaime. Anangotsina kamphete kena ka unyolo n'kukaika pa mzere. Atakoka, mphuno ya mpira inaperewera pang'ono, mpata wolowa chala chimodzi. Taluza.

Pobwerera ndinawerama n'kukatola. Kali m'thumba la jekete.

Lolemba, 11 Novembala

Zoona zimenezi? A Mabry alemba m'lipoti kuti kapegi sikanaikidwe n'komwe, mkulu wa kapegi, a Lucius, anaiwala. Mayi Corliss Dunaway, oyang'anira zamasewera pa koleji, auza a Lucius kuti abweze vesiti yawo ya ogwira unyolo, ntchito yatha. Pa foni! Munthu wa zaka 71, zaka 40 ataima m'mbali mwa bwalo lomwelo, dzuwa ndi chisanu, malipiro ake sangweji ya nkhumba yowotcha ndi chipewa. Mayiwa anabwera chaka chatha. Dzina la a Lucius lomwe amalitchula molakwika.

Kusukulu ndaphunzitsa phunziro limodzi kawiri kwa kalasi yomweyo. Ana anangondiyang'ana.

Lachitatu, 13 Novembala

Kometa. A Cleon, makina ali pakhosi panga: "Nanga nkhalamba yanu ija muigulira liti magalasi, aphunzitsi?" Wina pa benchi: "Muisiye izikayanika zovala za akunyumba, mwina kumeneko mapegi sidzaiwala." Chiseko nyumba yonse. Anthu omwewa a Lucius ankawanyamula pa galimoto ya mpingo kupita nawo ku mpira wa ana. Ndinatuluka wometedwa bwino, ndili phee.

Mkazi wanga Verna wakapeza kapegi pochapa. Anakaika pafupi ndi mbale yanga. "Bambo, ichi chikugona m'nyumba mwanga chifukwa chiyani?" Ndinati ogwira unyolo satsutsana ndi oyimbira, ndi lamulo lathu. Iye akuti lamulo limenelo analiwerenga kuti, alione nayenso.

Lachisanu, 15 Novembala

Ndinapita kwa a Lucius nditaweruka. Ali pakhonde akuswa mtedza wa pekani, tiyi wozizira pambali. Vesiti yochapa, yosita, yopinda bwino m'pepala, kudikira kukabwezedwa. Chimenechi n'chomwe chandipweteka kuposa zonse. Kuisitiranji?

Anati kuyambira Lolemba akhala akudzifunsa ngati kapegi kaja anakapanadi. Akuti mwina mutu wayamba kutha, monga zinachitikira achemwali awo. Pamenepo ndinakatulutsa. Kosweka mbali imodzi, chidindo cha nsapato chikuoneka, zilembo L.P. zomwe anazilemba ndi msomali kalekale.

Anakatembenuza, n'kupukuta zilembozo ndi chala.

"Munakatola pati?"

Ndinati mkati mwa bwalo, mayadi asanu ndi atatu kuchokera m'mbali. Malo oti iwo sanapondeko.

"Ndiye masiku asanu ndi limodzi ine ndikudziyesa wamisala, inu muli nako m'thumba?"

Ndinati ndinu munandiphunzitsa kutseka pakamwa.

"Ndinati mutseke pa bwalo, aphunzitsi, mpira uli mkati. Wezulo yomaliza inalira Loweruka."

Sanandipatse tiyi. Zaka 26, koyamba. Kapegi anandibwezera.

Loweruka, 16 Novembala

Mpira womaliza wa pakhomo. Pamalo pa a Lucius aikapo a Royce, ogulitsa magalimoto aja amene dzina lawo lili pa bolodi la zigoli. Kapegi katsopano kofiira. Anakapana pakati pa mzere, kenaka kutsogolo kwa mzere, kenaka anaiwala chifukwa ankajambulitsa. Ndinawauza kuti timapana m'mphepete mwa mzere cha kumbuyo, nthawi zonse. Akuti: "Achimwene, inchi imodzi ikuphani?" Inchi imodzi! Yachotsa munthu ntchito sabata yomwe ino.

Tapambana. Sindinamve kalikonse.

Lachiwiri, 19 Novembala

Mafoni anayi ku ofesi ya mkulu wa oyimbira m'chigawo chathu. Mlembi wawo, mawu okoma ngati uchi, akuti lipoti la woyimbira silitsutsidwa ndi ogwira unyolo, ife ndife odzipereka chabe. Ndinafunsa ngati odzipereka alibe maso. Akuti afikitsa uthenga.

Kanema wa masewero ndamuonera kasanu. Kamera ili pa mpira basi. Ife timaoneka miyendo yokha, monga mwa masiku onse.

Ndalemba kalata ya masamba atatu yopita kwa mkulu wa oyimbirayo ndi Mayi Dunaway. Verna wadula awiri, akuti enawo ndi mkwiyo ndi mbiri ya 1998. Yatsala tsamba limodzi ndi chithunzi cha kapegi. Pansi pake ndawonjezera ndekha: ndinaona, ndinatola, ndinabisa.

A Mabry sindikuwafunira zoipa. Kugwetsa aliyense amagwetsa. Mwinanso mpirawo unali woperewera ndithu, palibe adzadziwe. Koma kunyamula cholakwa chako n'kukachisenzetsa nkhalamba chifukwa ukudziwa kuti siyankhula? Ndipo ankadziwa kuti inenso sindiyankhula. Pamenepo sanalakwitse.

Lachisanu, 22 Novembala

Mayi Dunaway aimba ndili pakati pa nkhomaliro. Lolemba, 10 koloko m'mawa, pa bwalo penipeni. Mkulu wa oyimbira abwera, a Mabry abwera, unyolo utulutsidwa m'chipinda chosungira katundu kuti ndikaloze pomwe kanagwera. Anandichenjeza kuti amene anabisa chinthu chotero sabata yathunthu mwina nayenso sangabwerere pa ndodo. Ndinati ndamva. Ndinawauzanso kuti dzina lija ndi Pettway, ndipo ndinawatchulira chilembo chimodzichimodzi.

Ndaimbira a Lucius kuwauza za Lolemba. Kumbali kwawo kumamveka mtedza ukusweka.

"Mudzanditenge 9 koloko. Musadzachedwe, mumachedwa inu."

Ndinafunsa ngati vesiti anabweza.

"Ndidzavala. Akaifuna adzandivule okha."