Malaya Anga Apita ndi Hatchi

Amalume,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kumudziko. Ine korona yandisiya, ndatuluka m'kwarantini.

Hatchi yamphongo yobereketsa ija, imene ndinkaisamalira kuno ku Doha, abwana aigulitsa ku famu yatsopano. Hatchi yotere imapita ndi woisamalira, chifukwa mlendo imamuluma. Lamulo latsopano la kuno likutilolanso kusintha ntchito. Choncho malo a ntchito ku famu yatsopanoyo anali anga.

Ndili chigonere, mwana wanu Yohane, amene ndinamuitanitsa kuno ndine, anavala malaya anga athukuta. Hatchi itamva fungo langa inafatsa, ogulawo n'kutenga iyeyo. Nditafunsa, abwana anangoti, "Khalas, zatha basi, yapita ndi mwini wake."

Yohaneyo foni yanga sakuyankha. Mumuuze kuti malayawo asawachape, chifukwa fungolo likadzatha, hatchiyo idzamudziwa.

Ambuye akusungeni.

Ine mwana wa mlongo wanu,
Limbani