Ng'ombe Yoyenda ndi Ndodo

Loweruka

[07:52] Chrispine: alamu mwaiona pic ija? kuyambira pakati pa file mpaka mmunsi code yonse yasanduka orange. dzulo editor imaonetsa mitundu bhobho, blue apa green apo

[07:53] Chrispine: ndikapanga run ikungoti error. meeting ya cooperative ili 2 koloko, ma sms akuyenera kupita kwa alimi onse anthu akuona pa projector

[07:58] Chrispine: 📞 missed call

[08:20] Enelesi: achimwene Silvester ndakuikani mu group muno dala. ayankheni alamu anu plz, tiyi wazizira pa tebulo sanamukhudze

[08:41] Silvester: Mwadzuka bwanji achemwali. Kuno ku Nsipe tadzuka. Ndinali kumsewu, kuonerera anthu akugulitsa kabichi pamene panali mkuyu uja tinkadikirirapo basi. Anaudula. Kuno munthu ukangotembenuka, chimene wasiya chili chiimire amachidula.

[08:42] Silvester: Alamu, mukunena pulogalamu iti? Yanu ija munalemba nokha?

[08:42] Chrispine: alamu tisayambe zimenezo lero

[08:44] Silvester: Ndikungofuna kudziwa. Mwezi watha munauza komiti kuti yanga mwataya, mwalemba yanu ya Chichewa chenicheni. Ndikonza bwanji chinthu chimene sindinachionepo?

[08:45] Chrispine: ndi yanu yomwe ija. ndinangosintha pangono

[08:45] Silvester: "Pangono." Katswiri wa Chichewa uja ndi ameneyu.

[08:47] Silvester: Chabwino. Yang'anani pansi pa editor chakumanja. Palembedwa PHP kapena Plain Text?

[08:47] Chrispine: php

[08:48] Silvester: Sinthani theme. Ikani ina yakuda.

[08:55] Chrispine: ndasintha. zimene zinali orange pano zonse ndi green

[08:56] Silvester: Ndiye kuti dzinja lafika, dzalani. Yesani yoyera.

[09:03] Chrispine: zafiira. alamu serious plz

[09:04] Silvester: Zimitsani ma extension, imodziimodzi. Mukazimitsa imodzi muzitseka editor n'kutsegulanso.

[09:04] Chrispine: alipo ambirimbiri

[09:05] Silvester: Dzuwa likadali kum'mawa.

[10:31] Chrispine: ndamaliza onse. palibe chasintha

[10:33] Silvester: Basi editor yadwala. Ichotseni yonse, mupange download ina.

[10:34] Chrispine: network ya kuno ku Tsangano mukuidziwa. foni ikungokoka ya ku Mozambique

[10:36] Silvester: Kwerani pachulu cha kuseri kwa tchalitchi. Ife tinkakwera pamenepo kuti tione malole a mbatatesi akutsika phiri. Ngati nachonso simunagumule n'kuumbira njerwa.

[11:48] Enelesi: 📷 chithunzi

[11:48] Enelesi: bambo a Nomsa ali pachulu ndi laptop mmwamba ngati akupereka nsembe. ana amene amasewera pa tchalitchi awazungulira

[11:49] Enelesi: achimwene ndimakudziwani ine. chavuta mukuchidziwa eti?

[11:52] Silvester: Ndinachiona pa pic yoyamba ija.

[11:52] Chrispine: CHANI

[11:53] Chrispine: ndiye mmawa wonsewu mumangondizunguza??

[11:58] Silvester: M'mawa umodzi wokha mwayamba kale kulira? Ine ndinabwera kuchokera ku Joni ndi chikwama chimodzi ndi mutu wangawu. Ndinakhala pansi n'kulembera alimi a kwathu pulogalamu yoti uthenga wa dibi ndi wa mtengo wa mbatatesi uziwapeza pa foni. Inu munaitenga, n'kuiika pa projector holo itadzaza, n'kukulitsa liwu limodzi mpaka linadzaza khoma: ng\'ombe

[11:59] Silvester: Mukukumbukira zimene munanena? "Taonani anthuni, ng'ombe za ku Joni zimayenda ndi ndodo." Holo yonse inafa ndi phwete. A Gibson, wapampando wanu, anati mtchona waiwala kulemba chinenero cha amake, ntchitoyi aitenge mwana wa pakhomo. Mwana wa pakhomo ndinu, mkamwini wochokera ku Bwanje. Ine wobadwira kuseri kwa holoyo ndine mlendo.

[12:04] Enelesi: 🎤 voice note (1:26)

[12:09] Silvester: Ndamva achemwali. Zoti akaluza ntchitoyi ovutika ndi Nomsa ndi mng'ono wake ndazimva. Koma tsiku lija munakhala pa benchi yachiwiri, ndinakuonani. Munabisa pakamwa ndi chitenje, mapewa okha akugwedezeka.

[12:15] Enelesi: zinali zoseketsa achimwene, ndiname?

[12:15] Enelesi: koma sindinadziwe kuti akuchotsani

[12:17] Silvester: Alamu, timandodo tija munatichita chiyani?

[12:18] Chrispine: ndinatichotsa dzulo. find and replace, tonse kamodzi. ndimafuna pa projector pasaonekenso zolakwika

[12:18] Silvester: Safunsa anadya phula.

[12:19] Chrispine: ndiye vuto ndi timeneto?? dikirani ndipange undo

[12:22] Chrispine: ctrl z ikukana

[12:23] Silvester: Ikumbukira bwanji? Editor imene inaona zimene munachita dzulo mwaichotsa nokha. Iyi ndi yatsopano, yabadwira pachulu.

[12:23] Chrispine: munapangira dala

[12:24] Silvester: Eya.

[12:40] Chrispine: ndaika kandodo paliponse pamene pali ka ' . pano file yonse yayera mbee, ngakhale mmwamba mmene munali bwino

[12:42] Silvester: Mwapatsa ndodo olumala ndi alunga omwe. Kachizindikiro kameneko kali ndi ntchito ziwiri. Kwina kakutsegula ndi kutseka mawu a uthenga, kwina kali m'kati mwa liwu. Muyenera kusankha kamodzikamodzi, m' aliyense, n' aliyense, ng' aliyense, file yonseyo. Mukaphonya kamodzi, mitundu isokonekeranso kuyambira pomwepo. Mumaliza Lachiwiri.

[12:43] Chrispine: original ndinapanga save pamwamba pake. inu muli nayo copy?

[12:43] Silvester: Ili pano. Mitundu yake ngati nsalu ya pa ukwati.

[12:44] Chrispine: tumizani alamu ndagwira mwendo

[12:51] Silvester: Nditumiza mukanena izi pa maiki, holo itadzaza ngati tsiku lija. Lembani padzanja. Kachizindikiro ka pamwamba ka mu ng'ombe aphunzitsi athu ankakatcha nkhodolero, ankatikwapulira tikakaiwala. Kompyuta sidziwa Chichewa. Ikaona nkhodolero imayesa kuti uthenga wathera pa "ng", ndiye "ombe" ndi zonse zotsatira imazisokoneza, n'chifukwa chake mitundu yabalalika. Kandodo kaja kamaiuza kuti usaime, liwuli likupitirira. Pa foni ya mlimi kandodoko sikaoneka, pamafika ng'ombe yabwinobwino ndi nyanga yake.

[12:52] Silvester: Mukatero munene amene analemba pulogalamuyi. Dzina lonse. Osati "alamu anga".

[12:53] Chrispine: a Gibson andichotsa pompo

[12:54] Silvester: Mwina. Koma mafoni akapanda kulira 2 koloko akuchotsani ndithu. Sankhani.

[12:55] Chrispine: 🎤 voice note (0:48)

[12:58] Silvester: Kutukwana kwanu kulibe nkhodolero, kwamveka bwino. Achemwali, mukajambule mawu.

[13:30] Chrispine: alamu bwnj ndikawauze a komiti okha pambali meeting ikatha

[13:41] Chrispine: alamu

[13:55] Chrispine: 📞 missed call

[14:12] Enelesi: tayamba. pemphero latha. holo yadzaza mpaka ena ali mmawindo

[14:26] Enelesi: a Gibson awaitana kutsogolo. projector yayaka, khoma lonse layera mbee

[14:31] Enelesi: 🎤 voice note (0:55)

[14:34] Silvester: Ndamvetsera kawiri. "Pali ka technical problem kakang'ono, tikuthandizana ndi anzathu ena." Anzathu ena ndi ndani? Ali ndi mudzi?

[14:35] Chrispine: alamu anthu akundiyangana. tumizani ndinena pomaliza

[14:35] Silvester: Ine anandiyang'ananso. Sindinafe.

[14:38] Enelesi: anthu ayamba kungungudza. gogo wina wafunsa ngati ngombe ija yathyokanso mwendo wina kkkk

[14:38] Enelesi: sorry sindimafuna kuseka

[14:44] Enelesi: a Gibson ati apereka mphindi zochepa, zikakanika tipite pa nkhani ya feteleza

[14:49] Enelesi: 🎤 voice note (2:10)

[14:53] Silvester: Nkhodolero aitchula mopotoka, koma dzina langa lamveka lonse. Phokoso lija chakumapeto n'chiyani?

[14:54] Enelesi: ndi a Gibson akutsokomola. afunsa kuti ndiye tinaseka chani tsiku lija

[14:54] Silvester: 📎 uthenga.php

[14:55] Silvester: Tsegulani pa projector pomwepo. Mukulitse liwu lija ngati mmene munachitira.

[14:59] Enelesi: 📷 chithunzi

[14:59] Enelesi: mitundu yabwerera! blue green orange zonse mmalo mwake. ngombe yanu ili pakhoma ndi ndodo yake, amuna anga aima pambali pake thukuta kamukamu

[15:03] Enelesi: achimweneee mafoni alira onse kamodzi!! mmatumba, mmabra, holo yonse. azimayi akuimba nthungululu

[15:04] Enelesi: za ntchito akuti komiti ikhala pansi lachitatu. sanawachotse, koma sanawauzenso kuti apitirize. mwakhutira?

[15:16] Silvester: Yanga sinalire.

[15:19] Enelesi: amalandira ndi mamembala okha, amene ali ndi munda kuno. akuti lamulolo munalilemba ndinu mu pulogalamu momwemo

[15:40] Chrispine: alamu ndikhoza kuonjezera number yanu. mungondiuza line yake

[16:27] Silvester: Musagwirenso file yanga.

Silvester left