Malabala Atsopano Akudikira m'Dirowa

Okondedwa Bambo,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Bondo lija likuti bwanji masiku ano? Mng'ono wanga anandiuza kuti mwayambiranso kugwada pakhonde n'kumakonzera anthu njinga, chonsecho adokotala anati mupume. Sindikukalipirani ayi, ndikudziwa kuti sipanala simungaisiye, koma muzikhalako pampando. Nanga Amayi chifuwa chija chinasiya?

Kuno tili bwino. Mdzukulu wanu Kanyerere mano akutsogolo achoka, ndipo akamalankhula womvera amayenera kuima patali. Shuga akubabe mpaka lero, dzina lija simunamupatse pachabe. Ntchito yanga kunyumba yosamalirako okalamba ikuyenda, kungoti msana ndi umene umadandaula.

Mudabwa kuti bwanji ndalemba kalata pamene foni ilipo. Nyumba yathu mukuidziwa, munthu akatsokomola kuchipinda wapabalaza amati pepani. Nkhani imene ndili nayo sindingainene bambo a Kanyerere akumva. Muwerenge muli nokha, ndipo Amayi muwauze mwanzeru, chifukwa iwo akangomva kuti ndinagwa sagona sabata yonse. Ndinagwadi, koma ndili bwinobwino, ndipo dzanja limene likulembali ndi lomwe ndinagwera.

Paja ndinakuuzani kuti ndinagula njinga kwa munthu wina amene anatopa nayo. Si ngati zija munazolowera inu, za kaliyala ndi mabuleki a ndodo. Iyi ndi yampikisano, ya matayala opyapyala ngati chala, mahandulo opindikira pansi, yopepuka moti ndimakwera nayo masitepe nditaikoleka paphewa. Anzanga kuntchito ankandiseka kuti ntchembere yonseyi ndikufuna kupikisana ndi ndani. Ndinkangowasiya. Pa basi ndimayenera kukwera ziwiri, ndipo yachiwiriyo imabwera ikafuna yokha. Pa njinga ndimafika nthawi yabwino, ndipo ndikaweruka ndimakapeza Kanyerere asanayambe kulira pageti pa sukulu. Komanso ndinene zoona, njingayi ndimaikonda. Tsiku lonse ndimakhala ndikutembenuza anthu, kuwasambitsa ndi kuwadyetsa, ndiye panjinga paja ndi pokhapo pamene palibe wondiitana.

Pochoka kunyumba pali kamtunda kosalala pang'ono, kenaka chitsetse chachitali chimene chimakathera pamphambano ya magalimoto ambiri. Mwezi watha mabuleki anayamba kulira pachitsetsepo, kwiii, mpaka agalu a m'mipanda kumandiuwa. Madzulo ena tikudya ndinadandaula kuti phokosolo likundichititsa manyazi. Amuna anga anali pomwepo akumva.

Amuna angawo mukuwadziwa. Utelala ndi wawo, kukonza makina osokera ndi kwawo, ndipo kwa iwo chinthu chilichonse cholira ndiye kuti chili ndi ludzu. Kabotolo kawo ka oyilo, kaja ka mlomo wautali, sikachoka m'thumba la shati. Chitseko, sizasi, loko wa anthu oyandikana nawo, zonse anazimwetsa. Ndimawaseka kuti tsiku lina adzathira oyilo mwana akulira.

Kutacha ndinawapeza ataima pakhomo, njinga ataitsitsa kale pansi, ataipukuta mbee. Ankamwetulira ngati munthu amene wabisa mphatso, ndipo anandiuza kuti ndimvetsere bwino m'njira ngati agalu andiuwenso. Ine ndinali mochedwa, sindinafunse.

Nditayamba kutsetsereka ndinagwira mabuleki. Phokoso panalibe, koma njinga nayo sinamve kanthu. Ndinafinya mpaka zogwirira zinagunda mahandulo, iyo ikungowonjezera liwiro. Ndinatsitsa phazi n'kumalikhukhuza pamsewu, ndipo nditaona kuti mphambano yayandikira ndinakhotera mumpanda wa maluwa wa nyumba ina. Ndinatulukamo ndi mikwingwirima, dzanja lotupa ndi nsapato yong'ambika. Mayi wa nyumbayo anandipatsa madzi, kenaka anayamba kudandaula za maluwa ake, ndipo apo ndi pamene ndinadziwa kuti sindinafe.

Madzulo ake ndinaikankha njinga mpaka kwa amakanika a pafupi ndi msika. Anthu amawatcha a Sipoko chifukwa cha kuonda, ndipo iwo amavomera. Anapititsa chala palimu, n'kuchinunkhiza, n'kundifunsa ngati ndili ndi mdani kunyumba. Anati malabala onse anayi a mabuleki amwa oyilo, ndipo labala likamwa oyilo ndiye kuti latha, ngakhale ulichape ndi sopo wanji. Nanenso ndinanunkhiza. Fungo limenelo ndimagona nalo ndi kudzuka nalo, sindingalisokoneze ndi lina. Ndinawayankha kuti mdani ndilibe, ndili ndi munthu wondikonda amene safunsa.

A Sipoko anaseka mpaka kukhala pansi, kenaka anandiyalira malabala patebulo kuti ndisankhe. Ndikuuzeni zonse, chifukwa ndikudziwa kuti nkhani zoterezi kwa inu n'zokoma kuposa za mpira. Panali akuda otchipa, aja labala ndi chitsulo chake n'chimodzi. Anati amakhalitsa chifukwa ndi olimba, koma mvula ikagwa amangotsetsereka, ndipo amadya limu. Panali ena okhala ndi kachitsulo kokhalitsa, koti labala likatha umangolisolola n'kulowetsamo lina, osasokoneza mmene unamangira. Mwa amenewa munali ofiirira, ofewa, amene amagwira bwino ngakhale limu litanyowa, kungoti satenga nthawi kutha. Panalinso ena okwera mtengo kwambiri a malimu a kaboni, amene anati pa malimu anga a aluminiyamu n'kungotaya ndalama.

Ndinasankha ofiirirawo ndi tizitsulo take. Ndinaganiza kuti bola labala lizitha msanga kusiyana n'kuti ndithe ine. Anandisinthiranso mawaya a mabuleki, chifukwa akalewo anali atachita dzimbiri m'kati mwa mapaipi ake, ndipo zogwirira anazisendeza pafupi kuti zala zanga zazifupizi zizifika bwino. Atatero anayamba kundinyengerera kuti ndigulenso mawilo opepuka ndi magiya atsopano, ati njinga idzauluka. Ndinawauza kuti kuuluka ndaulukako kale m'mawa, pano ndikufuna yoima. Tinagwirizana kuti matayalawa akatha ndidzaike okulirapo pang'ono, ndipo chishalo chidzabwere pambuyo pake. Ndinafunsa za mabuleki a disiki amene ndimaona panjinga za anyamata, koma anati felemu yanga ilibe pomangira, ndisavutike mtima.

Anandiuzanso chimene chinkaliza mabuleki aja poyamba. Malabala ankagunda limu thupi lonse nthawi imodzi. Anati labala liyenera kupendekeka pang'ono kuti kutsogolo kwake kuyambe kukhudza, ndipo pomanga umapanikiza kakatoni kopyapyala kumbuyo kwake. Vuto lonse linali la kakatoni, Bambo, osati la oyilo.

Atatenga sipanala kuti amange malabala atsopanowo, ndinawaletsa. Ndinati andikulungire ndipita nawo kunyumba. Anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu, koma anandikulungira. Chimene ndinawaletsera ndi chimene ndakulemberani kalatayi.

Bambo a Kanyerere atamva za ngozi anathamanga kuchoka kushopu tepi ili m'khosi. Anandigwira dzanja lotupalo n'kuliyang'anitsitsa. Nditabwerako kwa amakanika anandifunsa, maso ali pansi, kuti apeza chiyani. Ndinayang'ana nkhope yawo. Ndinangoti malabala anali otha. Anagwedeza mutu. Iwo akudziwa, ine ndikudziwa, ndipo aliyense akudziwa kuti mnzake akudziwa, koma nkhaniyo yangokhala pakati pathu ngati mlendo wosatsanzika.

Tsiku lotsatira njinga anaikweza pamwamba pa kabati n'kuimanga ndi chingwe. Akuti njinga zoterezi si za munthu wa banja, tiigulitse. Ndikati tikambirane, amatuluka kukaona ngati kunja kuli mitambo. M'mawa uliwonse amandiperekeza pokwerera basi ngati mwana wa sukulu, ndipo amaima pomwepo mpaka basi itanyamuka.

Mabasiwo andichedwetsa kangapo, ndipo a sisitala oyang'anira ntchito andiitanira kale mu ofesi. Anandilankhula mwaulemu, koma anati zikapitirira adzandisinthira ku shifiti yamadzulo. Zikatero Kanyerere ndizidzamuona ali m'tulo basi. Aphunzitsi ake nawo ayamba kundiyang'ana ndi diso lofiira chifukwa chomutenga mochedwa.

Koma chimene chikundipweteka kwambiri si basi. Ndi munthuyu. Kabotolo kaja kanachoka m'thumba. Chitseko cha kubafa chayamba kulira, ndipo iwo amachitsegula pang'onopang'ono, osachikhudza ndi kanthu. Makina a mayi wina akhala pakona sabata yachiwiri tsopano osatsegulidwa, ndipo mwini wake akabwera amauzidwa kuti abwere mawa. Nthabwala zawo zija zinatha, kudya amangotola. Munthu amene manja ake ndiwo amatidyetsa wayamba kuwaopa manja ake omwe. Ndinakwiya, sindinama. Masiku oyambirira ndinkati ndikaona chilonda cha pachigongono mtima unkawira. Koma mkwiyo unatha, chatsala ndi chisoni.

Ndikanatha kutsitsa njinga iwo ali kushopu, a Sipoko n'kundimangira malabala, n'kuyambiranso kupalasa mwamakani. Mukundidziwa, makani ndinatengera kwa inu. Koma ndikatero ndidzakhala ndi mabuleki abwino ndi mwamuna woweramitsa mutu moyo wake wonse. Ndikanathanso kuwauza poyera kuti ndikudziwa ndipo ndakhululuka, koma iwo kukhululukiridwa ndi mkazi adzakumva ngati kumenyedwa khofi pagulu.

Pempho langa ndi ili. Lamlungu likubwerali masana muwaimbire foni. Za oyilo musatchule, ngakhale mwanthabwala, chifukwa ndikukudziwani pakamwa panu. Mungonena kuti mwamva kuti mwana wanu wagula malabala atsopano, ndipo inu simukhulupirira amakanika a m'tauni, mukufuna amange ndi munthu wa m'banja amene amadziwa makina. Inu sangakukanireni. Chikwatirane sanakutsutsenipo ngakhale pa nkhani ya nyengo.

Akavomera, muwatsogolere pang'onopang'ono ngati mmene munkachitira ndi ife. Ayambe apukuta malimu onse ndi sipiriti ndi kansalu koyera mpaka kansaluko kasiye kuda. Pa tizitsulo tija pali muvi, uloze kutsogolo, kuti kukamwa kolowetsera labala kuyang'ane kumbuyo, apo ayi labala lidzasololoka pogwira mabuleki. Labala likhale pakati pa limu, lisakhudze tayala. Za kakatoni zija muwauze ngati nzeru yanu, a Sipoko sadzamva. Akamafunsa mafunso musawadule, ngakhale afunse kakhumi. Ndi munthu wosamala kwambiri akauzidwa chinthu, vuto lake n'loti palibe anamuuzapo.

Musade nkhawa kuti ndikuseweretsa moyo. Ndidzayamba ndayesa pabwalo la kuseri kwa nyumba, ndipo shopu ya a Sipoko ili pakamtunda kosalala kaja chitsetse chisanayambe. Ndidzapatukirako mwakachetechete kuti aponyepo diso. Ndine mwana wa wokonza njinga, si chitsiru.

Koma Lolemba m'mawa ndikufuna amuna anga adzaime pakhomo n'kundiona ndikukwera njinga imene amanga ndi manja awo, osawafunsa ngati amangitsa. Madzulo ndikadzabwera wamoyo, ndidzawapatsa njingayo kuti aikweze masitepe, ndipo ndidzawauza kuti mabuleki akugwira bwino. Mawu okhawo ndi amene ndingawapatse, ndipo ndikuganiza kuti adzamva zonse zimene ndikutanthauza. Malabalawo ali m'dirowa ya zovala za mwana, m'kati mwa sokosi. Akudikira foni yanu.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti juzi ija ndikuluka ikadali mkono umodzi. Moni kwa mng'ono wanga ndi alamu, kwa achimwene ndi ana awo onse, ndiponso kwa azakhali, amene ndikudziwa kuti akudandaula kuti ndinawaiwala. Kanyerere akuti agogo amusungire belu la njinga, lija lolira kwambiri.

Khalani bwino, Bambo, ndipo foniyo muitchaje Loweruka.

Ndine mwana wanu,
Make Kanyerere