Dongo Lanu Pamwamba pa Pisitoni

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Ife kuno ku Lifuwu tilipo, tikudzuka. Mvula yachiwiri chichokereni inu yagwa bwino, mpunga tapeza wokwanira, ngakhale mbalame zinatidyerako kumapeto kwa munda. Mlongo wanga Esinati anachira mu Juni, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Watenga mphuno yanu, kulusa kwanu watengansoko. Sabata yatha Esinatiyo anamubweza pa msika wa Chitala chifukwa anaiwala khadi la chipani m'thumba la diresi ina. Anabwerera ndi nthochi zake zonse, tinadya mpaka kutopa nazo.

Koma chimene ndakhalira pansi kulemba ndi china. Ndakulakwirani, ndipo ndikufuna mumve kwa mwini wakene, asanakufikitsireni ena.

Achimwene a Yohane anabwerako ku Joni. Zaka zonse zija za mumgodi anazisandutsa kapikapu kakale, koti azinyamulira nsomba kupita nazo ku Lilongwe. Alibenso china, Amayi, thukuta lawo lonse lili pa matayala anayi amenewo. Vuto ndi loti pa zitunda za njira ya ku Lilongwe kagalimotoko kamachita kukwawa, nsomba n'kukafika zitayamba fungo. Ndiye mnzawo wina wa kumgodi anawatumizira chitsulo chimene ife amakaniko timati kamushafuti, cha mano aatali kuposa chimene injiniyo inabadwa nacho. Ati chimapatsa galimoto mphamvu pa chitunda.

Inu za injini munkati ndi zamatsenga, choncho ndifotokoze pang'ono. M'kati mwake muli pisitoni, imene imakwera ndi kutsika ngati munsi mumtondo. Pamwamba pake pali mavalavu, titseko timene timatsekukira pansi, kena kolowetsa mafuta, kena kotulutsa utsi. Kamushafuti ndiyo imakankha titsekoto. Mano ake akatalika, titseko timalowa pansi kwambiri, ndipo ngati mpata uli wochepa pisitoni pokwera imawombana nato. Zikawombana injini ikuthamanga, injiniyo yafa basi.

Achimwene ankafuna ndimange m'mawa, masana alize. Ndinawauza kuti sindiliza ndisanayese mpatawo. Anapsa mtima. Ati ku Joni anthu amangomanga osayesa, ati ndikuchedwetsa dala chifukwa cha kaduka poti ine ndikuyendabe pa njinga. Mukuwadziwa mwana wanu, kuuzidwa ndi mng'ono wawo kumawawawa kuposa dzino. Nanenso magazi anandikwera, pang'onong'ono ndimange momwemo kuti akadzionere okha pa msewu. Chinandigwira dzanja ndi mawu anu aja, amene munkatibweza nawo tikathamangira kuphula mbiya pamoto isanazizire, oti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mpata umenewu suoneka ndi maso, poti mutu wa injini ukamangidwa zonse zimakhala m'kati. Bambo amene anandiphunzitsa ntchito ku Salima ankauyesa ndi dongo. Koma kumene munkakumba dongo kuja tsopano kuli minda ya mpunga, madzi okhaokha, ndipo dothi la kudambo lili ndi mchenga umene ungakande injini. Dongo losankhidwa bwino, lopanda ndi kamwala komwe, linalipo limodzi lokha pamudzi pano. Ndi kamtanda ka dongo kaja munakasiya mumphika kunsi kwa nkhokwe sabata imene munagwa m'matenda. Zala zanu zinali zitadindamo, Amayi, zinayi mbali ina, chachikulu mbali inayo, monga munakafinyira komaliza. Esinati ankakatulutsa nthawi zina n'kulowetsamo zala zake.

Ndinati ndibenthuleko pang'ono chabe. Koma kanali katauma gwa, ndipo kanaphwanyika konse m'manja mwanga. Ndinatola zidutswazo n'kuziviika m'mbale.

Dongo litafewa ndinalikanda, ndinalimata pamwamba pa pisitoni, mavalavu ndinawapaka oyilo kuti asamatirire, n'kumanga mutu. Injini ndinaizunguza ndi dzanja kawiri, pang'onopang'ono, khutu lili tcheru. Nditamasula tinapeza mavalavu atadinda dongo lija. Ndinadula ndi lezala pamene adindapo kuti tione latsala lochindikala bwanji. Pamafunika patsale ngati kamtengo ka machesi. Pa valavu ya utsi panatsala kopyapyala koti ndikanakaomba ndi mpweya. Chitsulo chikatentha chimafufuma, ndiye injini imeneyo sikanafika ndi pa Chitala pomwe.

Achimwene anayang'ana nthawi yaitali. Kupepesa sanapepese, izo musayembekezere. Anangoti ndibwezeremo kamushafuti yakale, iwo azinyamuka m'mamawa kuti nsomba zizifika dzuwa lisanakwere. Kenako, akutembenuza kachidutswa kodindidwako m'manja, anafunsa kumene ndapeza dongo losalala chotere chilimwe chino. Ndinawauza. Ndinawauzanso za zala zanu.

Paja pa maliro anu iwo kunalibe, kalata inawapeza mwezi utatha. Anakhala pansi pa mchenga pomwepo, ovolosi ili m'thupi, nandifunsa ndi mawu amene sindinawamvepo chibadwire.

"Lameki, palibe katsalako kamene kali ndi chala chawo?"

Ndinafufuza mumphika, ndinafufuza pansi pa nkhokwe, ndinapapasa ndi m'mbale momwe ndinaviika muja. Munalibe. Ndinali nditakanda lonse.

Galimoto ikuyenda, Amayi, dzulo yapita ku Lilongwe kachitatu ndipo yabwerako bwino. Esinati sakundilankhula, ndipo sindikumuda. Mtima ukundipweteka, makamaka poti ndikudziwa kuti zitabwereranso ndingachite chimodzimodzi. Inu amene munkaswa mbiya yanu yomwe mukaimva kuti ikulira molakwika, mwina mundimvetsa. Ngati simundimvetsa, ndikhululukireni chabe.

Amalume tawauza kale, ndipo avomera. Loweruka ndibwera nawo achimwene kudzasesa pamene mwagonapo. Ndidzatsogola ndine, chifukwa achimwenewo njira sakuidziwa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Lameki