Pikapu ya Mazira

Lachitatu, 4 Juni

Mwana uyu ndi mwana! Mulungu amusunge, dzanja lake lisaume, kumene waponda kumere zabwino! Wamtali, mwana wa malemu achimwene anga, yemwe uja ndinkamusambitsa m'beseni zipere zili mbuu m'mutu, lero wandigulira galimoto. Ine. Galimoto. Pikapu, yakale inde, koma injini ikulira bwinobwino ndipo zitseko zonse zikutseguka.

Wabwera nayo yekha kuchokera kutsidya kwa boda kumene amagwira ntchito yopakira katundu. Akuti paboda wachita kugonapo, mzere wa msonkho sumayenda. Wafika maso ali psuu. Ine kuvina pageti mpaka slipasi kuduka. Nkhuku m'khola nazo phokoso, kuyesa kwalowa galu.

Mazira anga asiya kuphwanyikira m'minibasi basi. Matumba a chakudya cha nkhuku, wilibala ipume, msana wanga upume.

Sakhalitsa, mawa akubwerera kuntchito. Wandisiyira envulopu ya mapepala. Akuti, "Azakhali, pepala lapamwambali ndi la paboda, likutha pa 27. Pofika tsikulo ikhale yalembetsedwa, ili ndi nambala yakuno, apo ayi ailanda. Musaigwiregwire." Ndamuuza kuti ine si mwana.

Lachisanu, 6 Juni

Abambo a m'nyumba muno apeza ejenti, munthu wodziwa makomo a ku ofesi ya zamagalimoto. Jekete yachikopa dzuwa lonseli. Watenga mafotokope, watenga ya thiransipoti, wati sabata yamawa, makompyuta sakuyenda.

Abambowo kuyambira dzulo sakutsikamo. Akhala kuchiwongolero, wailesi pamwamba, chigongono pawindo, galimoto ili chiimire pabwalo. Kale ankayendetsa malole, ndiye tamva nkhani za malole mpaka makutu kuwawa. Batire aitsitsa kale kamodzi.

Mayi a pagolosale abwera kudzaona. Kuizungulira kawiri, kugogoda pabodi ngati akugula chivwende. Kenako akuti, "Zabwino zonse anzanga. Koma itangolowa dzana ndimayesa ambulansi, ndinati kodi wadwala ndani." Ndaseka nawo. Koma mawuwo andiima pakhosi ngati munga wa nsomba. Ndaiyang'ananso madzulo. Yoyera mbee. Ambulansidi.

Lolemba, 9 Juni

Ejenti akuti mawa.

Tili chidikirire, ndati ntchito iziyenda. Wowotcherera wa kuseri kwa msika wabwera ndi makina ake, wamanga mashelefu azitsulo kumbuyo oti mathileyi asamagundane. Munthu wabwino. Atalowa pansi wapeza dzimbiri pachitsulo chachikulu, pafupi ndi tayala lakutsogolo. Waikapo chigamba, kuwotcherera mbali zonse, kusalaza. Mwaulere! Ndamupatsa thileyi ya mazira.

Wopenta naye ndagwirizana naye. Chikasu. Chenicheni, cha m'kati mwa dzira. Ndinakumbukira mawu a Wamtali, koma abambo akuti, "Boma limalembetsa injini, silimalembetsa mtundu. Ine ndayendetsa malole, mundiuza chiyani mayi?" Chabwino.

Ndalama ya penti ndatapa pa ya chakudya cha nkhuku. Ibwerera.

Lachinayi, 12 Juni

Eee! Kukongola! Ikuwala ngati dzuwa. Pachitseko wopenta walembapo MAZIRA A AZAKHALI, ndi kankhuku pambali, ngakhale kakuoneka ngati bakha. Ana a mumsewu muno adzaza pageti. Mayi a pagolosale adutsa, kuyang'ana kumbali ngati aitanidwa kwina. Ambulansi ija ili kuti lero?

Wamtali sindinamutumizire chithunzi. Ndikufuna adzaione ili ndi nambala yomwe, adzagwe nako.

Ejenti akuti mawa ndithu. Munthuyu dzina lake ndi Mawa basi.

Lachiwiri, 17 Juni

Sindikudziwa poyambira.

Ku ofesi ya zamagalimoto kuyambira m'mawa. Windo loyamba, pitani lachitatu. Lachitatu, kalipireni kubanki. Kubanki, bwererani akudindireni kaye. Mawa ali patsogolo ndi jekete yake, kupereka moni kwa aliyense, womuyankha palibe ndi mmodzi yemwe. Miyendo yanga kutupa.

Masana tafika poyezera. Pali dzenje, galimoto imaima pamwamba, woyeza amalowa pansi ndi tochi. Asanalowe n'komwe wayang'ana pepala, wayang'ana galimoto, wayang'ananso pepala. "Mayi, yoyera ija mwaisiya kuti?" Ndamuuza kuti ndi yomweyi, ndangoisambitsa. Sanaseke.

Walowa m'dzenje. Kufufuza, kufufuza. Akuti galimoto iliyonse ili ndi nambala yake yobadwa nayo, yodindidwa pachitsulo chachikulu cha pansi, chasisi. Iyeyo ntchito yake n'kuona kuti ya pachitsulo ikufanana ndi ya papepala. Ndiye pamalo penipeni pa nambalayo n'pomwe pali chigamba cha wowotcherera. Chaulere chija.

Waitana apolisi a zamagalimoto, ofesi yawo ili mumpanda momwemo. Makiyi atenga. Pikapu yagona kumeneko pakati pa magalimoto a ngozi. Potembenuka, Mawa kulibe.

Tabwera pa minibasi. Mwambi uja ankanena abambowa: Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Lachitatu, 18 Juni

Wapolisi wake ndi mzimayi, wamng'ono kwa ine, wolankhula mofatsa koma mawu ake ngati lumo. "Mayi, wakuba galimoto amachita zinthu ziwiri. Amasintha penti, amabisa nambala. Inu mwachita zonse ziwiri sabata imodzi."

Ine wakuba? Ndamuonetsa manja angawa, ndati awa ndi a zitosi za nkhuku. Akuti iye sakunena ine. Papepala la paboda pali dzina la amene anailowetsa. La Wamtali. Zikapanda kulongosoka, funso lipita kwa iyeyo, ndipo paboda sadzadutsanso mwamtendere.

Mwana wamasiye wosabapo ngakhale shuga m'kabati.

Foni ya Mawa yazimitsidwa. Sindinadye.

Lachisanu, 20 Juni

Wowotcherera ndachita kukamugwira pamkono. Poyamba amakana, akuti iye ndi polisi sayenderana. Ndamuuza kuti mazira anga anadya, ayende.

Wadula chigamba chake pamaso pa wapolisi, pang'onopang'ono, thukuta kamukamu. Nambala yaoneka! Ndinayamba kale kuthokoza. Koma kumapeto kwake moto unadya, zilembo zomalizira zangosanduka chipsera. Iye akuti, "Ine ndimaona dzimbiri, mayi, sindimawerenga." Ndikanamuluma.

Tsono wapolisi akuti pakufunika kalata yochokera kwa apolisi a kutsidya, omwe anaiyeza isanatuluke m'dziko mwawo. Iwo anajambula nambalayo ili yonse. Atumize kalata ndi chithunzi, polisi kwa polisi. Wokapempha akhale mwini dzina, yekha, ndi chiphaso chake.

Za mtundu ndiye zondipweteka mutu. Ndafunsa kuti bwanji osangolemba chikasu. Akuti kusintha mtundu papepala zimatheka, koma galimoto ikhale yolembetsedwa kale. Nanga ilembetseni. Akuti singalembetsedwe mtundu usakufanana ndi pepala. Ndafunsa kawiri, kuyesa ndine ndikulephera kumva chifukwa cha sukulu yochepa. Ayi, ndi mmene zilili. Njira ndi imodzi, ibwerere kuyera.

Wamtali waimba madzulo. "Zikuyenda, Azakhali?" Ndati zikuyenda mwanawe, mizere chabe. Lilime langa lomweli.

Kwatsala sabata.

Lamulungu, 22 Juni

Ndamuuza Wamtali, pafoni.

Ndinatuluka panja, kuseri kwa khola, kuti abambo asandithandize kufotokoza. Ndanena zonse, ambulansi, mashelefu, chigamba, polisi. Iye akuti, "Chikasu, Azakhali?" Ndati chikasu. "Yonse?" Ndati ndi kankhuku komwe.

Waseka. Kuseka mpaka kutsokomola. Bola akanandikalipira, ndikanadziwa poika nkhope. Atatha akuti ofesi imene anayezetsa ili kutali ndi kumene amakhala, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi, koma aona chochita. Ndafunsa za kuntchito. Akuti ndisadandaule.

Abambo lero ayamba kunena kuti iwo anachenjeza. Pamaso panga! Ndangowapatsa tiyi wopanda shuga.

Lachiwiri, 24 Juni

Wopenta akufuna ndalama ina yonse, akuti penti woyera sagulidwa ndi chisoni. Ndagulitsa nkhuku zoikira, zabwinobwino, kwa mayi a pagolosale omwewo. Angowerenga ndalama, nkhuku n'kunyamula. Kugulitsa kwa iwowo n'kumene kwandipweteka.

Wapolisi watilola kupentera mumpanda mwawo, makiyi ali m'thumba mwake. Ndinaima poteropo ndikuona MAZIRA A AZAKHALI akufufutika chilembo chimodzichimodzi. Kabakha kanga komwe. Apolisi ena atuluka kudzaonerera, wina akuti, "Tsopano ndiye dzira lenileni, kunja koyera, m'kati chikasu." Onse gwaa kuseka. Nanenso ndaseka, nanga n'kutani.

Wamtali ali pamzere ku ofesi ya kutsidya ija kuyambira dzulo. Bwana wosayina kulibe, ali kumsonkhano. Maofesi ndi amodzi dziko lonse lapansi, mayi wawo ndi mmodzi. Ndamufunsa wagona kuti. Akuti kwa mnzake. Kumbuyo ndimamva mabasi.

Mashopu awiri aimba kufunsa mazira. Ndanyamula pamutu ngati kale.

Lachinayi, 26 Juni

Kalata palibe. Wapolisi watsegula kompyuta katatu ine ndili pomwepo. Palibe.

Mawa watulukira, jekete yomweyo, akuti anali kumaliro ndipo akudziwa munthu woti atha kudindanso zilembo zopsazo ndi nyundo, usiku umodzi, palibe angadziwe. Ndamuyang'ana kuyambira kunsapato. Ndati achimwene, ine ndapusa kokwana mwezi uno, zotsalazo pusani nokha. Abambo amafuna kufunsa mtengo. Ndawaponda phazi.

Mutu waima. Mawa lenileni ndi pa 27.

Lachisanu, 27 Juni

Yafika! Kalata yafika, chithunzi chomwe! Wapolisi wachita kundiitana yekha pabenchi, "Azakhali a mazira, bwerani." Wayerekeza chithunzi ndi chitsulo, zilembo zoyambirira zonse ndendende, ngakhale kachipsera kena ka pambali kakuoneka pachithunzipo. Wadinda. Ndamukumbatira ndi yunifolomu yomwe, akuti mayi musandichotsetse ntchito.

Ndiye liwiro. Poyezera, woyeza yemwe uja. Wayang'ana pepala, wayang'ana galimoto, wakanda pang'ono ndi chikhadabo pachitseko, wandiyang'ana. Ine maso kumwamba. "Yoyera," watero, n'kulemba. Windo lachitatu, banki, windo loyamba, inshuwalansi. Mtsikana wa pawindo lomaliza amatseka kale katani, ndalowetsa mkono. Ndati mwana wanga, udula mkonowu kapena undithandiza. Wandithandiza.

Nambala ziwiri, kutsogolo ndi kumbuyo. Abambo amanga okha ndi sikuludiraiva. Pobwera ayendetsa bwino, ndisaname. Pageti sindinavine. Ndangokhala m'galimotomo kwa kanthawi.

Ndatumiza chithunzi kwa Wamtali. Wayankha ndi kamtima basi. Watopa mwana.

Lachitatu, 2 Julayi

Ulendo woyamba dzulo. Mashopu onse tsiku limodzi, dzira losweka ngakhale limodzi ayi. Mashelefu aja ndi abwinodi, wowotcherera ndamukhululukira theka.

Lero m'mawa ndati ndimuimbire Wamtali ndimuuze. Wayankha ndi mkazi wake. Ndafunsa, foni waiiwala popita kuntchito? Mpongozi wanga kuyamba kulira. Akuti ntchito inatha Lachisanu lomwe lija. Anapempha tsiku limodzi, anakhala sabata yonse pamzere wa kalata yanga, pobwerera anapeza pamalo pake pali wina. Panopa akuzungulira m'madepoti kufunsa. Anamuletsa kundiuza. Akuti, "Azakhali asamve, angayambe kuiona moipa galimoto yawo."

Lachisanu lomwe ine ndimakumbatira wapolisi.

Atabwerera kunyumba kwake masana, ndaimbanso. Sindinamupatse mpata. Iye akuti ntchito zimapezeka, katundu sadzatha padziko, ndipo kodi abambo asiya kutsitsa batire? Kundiseketsa dala. Ndamuuza kuti asandinyengerere ngati khanda, ndine ndinamulera. Lendi, mwana wawo wa kusukulu, mkazi ali ndi pakati. Zonsezo chifukwa cha mawu amodzi a pagolosale ndi mutu wangawu.

Za kukasintha mtundu papepala, abambo anayamba kuzikamba, akuti tsopano n'zololedwa. Ayi. Ikhale choncho. Ya penti ili ndi kopita.

Mashopu amalipira pakutha pa mwezi. Ndawonjezera ena awiri a kutsidya kwa msewu waukulu omwe kale sindinkafikako. Akuimba hutala panja abambo, mathileyi apakira kale, ndithamange.

Mwezi ukangotha ndikutumizira, mwanawe. Ukakana ndidzatumiza pafoni ya mkazi wako.